KUUMA KWA MITSEMPHA YA MAGAZI

Mau amene anawerengedwa pamaso pa mamembala pa Msonkhano wa Pachaka



Nkhani imene yaikidwa pamaso pa msonkhano uno ndi ya nthenda imene ikupha anthu ambiri padziko lapansi kuposa nthenda ina iliyonse, koma imene eni ake ochuluka sadziwa kuti ali nayo kufikira tsiku limene iwagwetsa pansi. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anafa ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi, ndiko kunena kuti pafupifupi imfa imodzi mwa imfa zitatu zilizonse. Ndipo mwa akufawo, oposa atatu mwa anayi sanali a m'maiko olemera, monga ambiri aganizira. Gwero la imfa zochuluka mwa zimenezi ndi kuunjikana kwa mafuta m'zipupa za mitsempha, kumene m'kupita kwa zaka kumaumitsa mitsemphayo ndi kuchepetsa njira ya magazi.

Munthu wa zaka 45 kapena 50 amene dzulo lake anali pa ntchito ali bwinobwino akagwa nafa, anthu amati ndi imfa yadzidzidzi. Ndipo kawirikawiri pasiwa pamamveka manong'onong'o, kufunsana kuti kodi malemu anayambana ndi yani, kapena ndani anawachitira kaduka atakwezedwa pa ntchito. Mau ano ali ndi cholinga chimodzi, ndicho kuonetsa kuti imfa yotere si yadzidzidzi monga ionekera, pakuti imakhala ikukula m'thupi zaka 20 kapena 30. Ndi kuti nthawi yoyenera kulimbana nayo ndi pamene munthu akudzimva kuti ali ndi moyo wangwiro.

Mmene nthendayi imakulira

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo pa mphindi iliyonse, mwini wake ali chikhalire, umapopa malita pafupifupi 5 a magazi. Liu lakuti mtsempha limatchula zinthu zingapo m'thupi. Koma mitsempha imene ikunenedwa pano ndi imene imatenga magazi kumtima kupita nawo ku ziwalo zonse, yomwe ija imamveka kugunda munthu akagwira pamkono pafupi ndi chikhatho. Mwa mwana mitsempha imeneyi ndi yofewa, yotamuka ngati mphira, ndipo m'kati mwake ndi mosalala kwambiri. Mtima womwewo umadyetsedwa ndi timitsempha taketake, ta mamilimita pafupifupi 3 kapena 4 m'mimba mwake, kukula kwake ngati udzu wofolerera nyumba. Ndipo moyo wa munthu watsamira pa timitsempha timeneti.

Dzina la nthendayi m'mabuku a madokotala ndi atherosclerosis. Analipeka ndi dokotala wa ku Germany, Felix Marchand, m'chaka cha 1904, polumikiza mau awiri a Chigiriki, lina lotanthauza phala, lina lotanthauza kuuma; pakuti mtsempha wodwala ukang'ambidwa, m'chipupa chake mumapezeka zinthu zachikasu zofewa ngati phala, zokutidwa ndi chikhungwa cholimba.

Phala limeneli limachokera ku mtundu wina wa mafuta otchedwa cholesterol. Mafutawa si chiphe ayi. Thupi limawafuna, ndipo ambiri a iwo amapangidwa ndi chiwindi. Amayenda m'magazi atanyamulidwa m'timatumba ting'onoting'ono, ndipo timatumba timene timabweretsa vuto timatchedwa LDL. Tikachuluka m'magazi, timaloŵerera pansi pa kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa mtsempha, makamaka pa mphambano pamene mtsempha ugawikana, ndi pamene kakhunguko kakhulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, utsi wa fodya, kapena shuga wochuluka. Pamenepo asilikali a m'magazi amathamangirako kukameza mafutawo. Koma amameza kufikira atatupa, nafera pomwepo, ndipo mitembo yao imaonjezera mulu. Thupi limafunditsa muluwo ndi kachikopa, ndipo m'kupita kwa nthawi pamadzakhazikika mchere wonga umene umalimbitsa mafupa. Motero mtsempha umene unali wotamuka umauma.

Apa pali mfundo yofunika kuisunga. Ambiri aganiza kuti mtsempha uli ngati mpope wa madzi umene waloŵa matope, kotero kuti ukhoza kutsukidwa ndi zakumwa zimene amalonda amati zimatsuka magazi. Sizili tero. Mafutawo ali m'kati mwa chipupa chenichenicho, monga chiswe chikhalira m'kati mwa nsanamira. Palibe chakumwa chimene chingawakokolole.

Nthendayi imavulaza mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi ya pang'onopang'ono: muluwo umakula nuchepetsa njira, koma munthu samva kanthu kufikira njirayo itatsekeka pafupifupi magawo 7 mwa 10. Pamenepo akakwera chitunda kapena akafulumira, amamva ngati chifuwa chatsinjiridwa ndi mwala, ndipo akaima pang'ono ululu umaleka. Njira yachiwiri ndi yoopsa kopambana: kachikopa kaja kamang'ambika, magazi akakhudzana ndi phala lija amaundana, ndipo pa mphindi zoŵerengeka njira yonse yatsekeka. Mulu umene umang'ambika chotere nthawi zambiri sukhala waukulu kokwanira kupweteka; n'chifukwa chake munthu amene sanadandaulepo za chifuwa akhoza kugwa tsiku limodzi. Zikachitika pa mtsempha wa mtima, mbali ya mtima imafa. Zikachitika pa mtsempha wa ku ubongo, munthu amafa ziwalo, ndiyo imene anthu aitcha sitiroko. Ngakhale sitiroko ina imadza pamene mtsempha waphulika ndi mphamvu ya kuthamanga kwa magazi. Ku miyendo nthendayi imaonekera ndi kupweteka kwa akatumba poyenda ndi zilonda zosapola, imaononganso impso, ndipo kwa abambo ena chizindikiro chake choyamba ndi kuchepa kwa mphamvu za m'nyumba, chimene amachibisa mmalo mochinena kuchipatala.

Umboni wa akalulu ndi wa asilikali

Zimenezi sizinadziŵike tsiku limodzi. M'chaka cha 1913, mumzinda wa St Petersburg ku Russia, dokotala wachinyamata Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu cholesterol wosungunulidwa m'mafuta. Ndipo akalulu, amene mwachibadwa chao amadya udzu, anayamba kukhala ndi milu ya mafuta m'mitsempha yao yofanana ndi ya anthu. Madokotala anzake ambiri sanasamale, poganiza kuti za kalulu sizikhudza munthu, ndi kuti kuuma kwa mitsempha ndi ukalamba chabe umene palibe angauletse.

Maganizo akuti ndi nthenda ya okalamba okha anagwedezeka m'chaka cha 1953. Pa nkhondo ya ku Korea, madokotala a gulu lankhondo la America anapima mitima ya asilikali 300 amene anaphedwa kunkhondoko. Anali anyamata amphamvu, a zaka pafupifupi 22, osankhidwa chifukwa cha thanzi lao. Komatu 77 mwa 100 alionse anapezeka ndi zizindikiro za nthendayi m'mitsempha ya mtima, ndipo ena njira zao zinali zitachepa kale kwambiri. Akanapulumuka kunkhondo, anyamata ameneŵa akanabwerera kwao, kukwatira, kubereka ana, ndi kugwira ntchito zaka zambiri osamva kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maonekedwe a thupi sanena za m'mitsempha.

Phunziro la mabasi a ku London

M'chaka chomwecho cha 1953 kunatuluka kafukufuku wina amene akhudza kwambiri anthu a ntchito za pampando. Dokotala Jeremy Morris anafufuza za umoyo wa anthu pafupifupi 31,000 ogwira ntchito pa mabasi ndi magalimoto ena onyamula anthu mumzinda wa London. Mabasi a kumeneko anali osanjikizana, chipinda china pamwamba pa chinzake. Woyendetsa ndi kondakitala anali anthu a moyo wofanana, okhala m'madera amodzi, opuma mpweya umodzi. Kusiyana kwao kunali kwakuti woyendetsa ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse, pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika makwerero mazanamazana potolera ndalama. Morris anapeza kuti imfa zofulumira za nthenda ya mtima pakati pa makondakitala zinali pafupifupi theka la za oyendetsa.

Anayesanso anthu a ku positi, napeza chimodzimodzi: opereka makalata, amene ankayenda pansi kapena pa njinga, anali otetezeka kuposa makalaliki ndi olumikiza matelefoni amene ankakhala muofesi. Ena anatsutsa, nati mwina oyendetsa anali onenepa chiyambire. Morris anapempha miyeso ya mayunifomu amene antchitowo ankapatsidwa. Anapeza kuti oyendetsa analidi a m'chiuno mokulirapo, koma kuti makondakitala, onenepa ndi oonda omwe, anali otetezekabe. Iye mwini anatsata chimene anapeza, nalimbitsa thupi kufikira ukalamba wake, ndipo anamwalira m'chaka cha 2009 ali ndi zaka 99.

Kafukufuku wina wamkulu anayamba m'chaka cha 1948 m'tauni ya Framingham ku America, kumene anthu 5,209 anavomera kupimidwa zaka ndi zaka. Kumeneko kunatsimikizika kuti zinthu zimene zimafulumiza nthendayi ndi kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa cholesterol, kusuta fodya, nthenda ya shuga ndi kunenepa kopitirira. Ndi kuti ziŵiri kapena zitatu zikakumana mwa munthu mmodzi, ngozi yake imakula koposa.

Kodi ndi nthenda ya Azungu okha?

Panali nthawi imene madokotala ena ankakhulupirira kuti munthu wa mu Africa sagwidwa ndi nthenda ya mitsempha ya mtima. M'chaka cha 1959 madokotala aŵiri, Shaper ndi Jones, anayerekeza Aafrika ndi Amwenye okhala ku Kampala m'dziko la Uganda. Pakati pa Aafrika, amene chakudya chao chinali nthochi zophika, mbatata, chinangwa, nyemba ndi masamba, mafuta ali ochepa, cholesterol anali wotsika ndipo nthendayi inali yosoŵa kwambiri. Pakati pa Amwenye, amene ankadya mafuta ambiri, inali yofala. Chitetezo chimenecho chinali m'mbale ndi m'miyendo, osati pakhungu. Tsono mbale ikasintha ndi miyendo ikaleka kuyenda, chitetezo chimatha.

Ndipo zasinthadi. Amene makolo ake ankayenda mtunda wautali kupita kumunda, lero amakwera minibasi pakhomo natsika pakhomo pa ofesi. Masana amadya tchipisi chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza, natsitsira chakumwa cha shuga. Ndipo mimba ikatuluka, abale amamuyamikira kuti ntchito yamuyanja. M'Malaŵi, kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri a iwo sankadziŵa, kapena sanali pa mankhwala. Kuthamanga kwa magazi sikupweteka mutu masiku onse monga ambiri aganizira. Kaŵirikaŵiri sikumveka n'komwe, ndipo njira yokha yokudziŵira ndi kuyezetsa.

Chimene anachita anthu a ku North Karelia

Wina angafunse kuti, ngati nthendayi iyamba paunyamata, kodi pali chimene munthu wamkulu angachite? Yankho likupezeka m'chigawo cha North Karelia m'dziko la Finland. Cha m'ma 1970 amuna a m'chigawochi ankafa ndi nthenda ya mtima mochuluka kuposa pafupifupi kwina kulikonse padziko. Ambiri anali alimi a ng'ombe ndi odula mitengo, anthu a ntchito ya thukuta. Koma ankadya batala, mkaka wamafuta, nyama yonona ndi mchere wambiri, masamba ali osoŵa, ndipo ankasuta fodya kwambiri. Apa pakuoneka kuti ntchito ya manja payokha siteteza munthu amene akudya ndi kusuta mosasamala.

Anthu a m'chigawocho anatopa ndi maliro a amuna a zaka 40 ndi 50, napempha Boma kuti liwathandize. Ndipo m'chaka cha 1972 ntchito inayamba motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata, Pekka Puska. Sanadalire zipatala zokha. Bungwe la amayi linaphunzitsa kaphikidwe ka mafuta ochepa ndi masamba ambiri. Anamwino ankayeza anthu kuthamanga kwa magazi ndi kulemba maina a oyenera mankhwala. Midzi inapikisana pa kutsitsa cholesterol. Ndipo alimi ena a mkaka anathandizidwa kuyamba kulima zipatso. Patapita zaka 40, imfa za nthenda ya mitsempha ya mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi magawo oposa 80 mwa 100. Ndipo gawo lalikulu la kutsikaku linachokera ku kusintha kwa kadyedwe, kuleka fodya ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi. Mulu umene uli kale m'mtsempha sutha wonse. Koma ukhoza kuleka kukula, ndipo kachikopa kake kakhoza kulimba kotero kuti sikang'ambika.

Za mankhwala

Pali anthu amene kusintha kadyedwe sikuwakwanira. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 kapena 300 amabadwa ndi chiŵindi chimene sichichotsa bwino LDL m'magazi, ndipo otere akhoza kudwala mtima asanafike zaka 50 ngakhale ali oonda. Chifukwa chake banja limene bambo, amalume kapena achimwene anafa ndi mtima akali aang'ono liyenera kunena zimenezi kwa dokotala. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa ku Japan, Akira Endo, anapeza mu chuku mankhwala oletsa chiŵindi kupanga cholesterol wambiri. Kumeneko ndiko kunachokera mankhwala otchedwa statin, amene oyamba ake analoledwa kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1987. M'chaka cha 1994 kafukufuku wa odwala mtima 4,444 a m'maiko a kumpoto kwa Ulaya anaonetsa kuti mankhwalaŵa anachepetsa imfa ndi magawo 30 mwa 100. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga nawonso amateteza mitsempha. Koma onseŵa amagwira ntchito pokhapokha akumwedwa tsiku ndi tsiku. Ambiri amaleka akaona kuti ali bwino, osazindikira kuti ali bwino chifukwa cha mankhwala omwewo. Aspirin asamwedwe masiku onse popanda dokotala kunena, pakuti amatha kuchititsa kukha magazi m'mimba.

Zoyenera kuchita

Choyamba, munthu wamkulu aliyense ayezetse kuthamanga kwa magazi kamodzi pachaka, ngakhale asakumva kanthu. Muyeso ukafika 140 pa 90 kapena kuposa pa masiku osiyana, atsate malangizo a kuchipatala. Kumene kuli kotheka ayezetsenso shuga ndi cholesterol, makamaka akapitirira zaka 40. Mbeŵa ya manyazi inafera kudzenje.

Chachiŵiri, wosuta aleke. Patatha chaka chimodzi chilekere, ngozi yoonjezera ya nthenda ya mtima imatsika pafupifupi ndi theka. Ndipo utsi wake umalekanso kuvulaza mayi ndi ana m'nyumba.

Chachitatu, mchere wonse wa pa tsiku, woikidwa mumphika ndi wobisika m'zakudya zogula, usafike magalamu 5, ndiwo supuni yaing'ono imodzi yosadzaza. Chizoloŵezi choŵaza mchere pa ndiwo zisanalaŵidwe chithe.

Chachinayi, nyama yonona, batala, masoseji ndi zokazinga zikhale za apo ndi apo. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, usipa ndi nsomba zina, masamba otendera nsinjiro, mapeyala ndi zipatso za nyengo yake ndizo zakudya zoyanja mitsempha; ndipo n'zachisoni kuti zimenezi ndi zimene ena amazinyoza akayamba kulandira malipiro.

Chachisanu, munthu ayende mwandaŵala mphindi 150 pa sabata, ndiko kunena mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Wa pa ofesi akhoza kutsika minibasi patali pang'ono, kapena kukapereka yekha kalata ku chipinda china mmalo motuma mesenjala. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mafuta anaunjikana motero, ndipo chitetezo chimakulanso motero.

Chachisanu ndi chimodzi, aliyense adziŵe zizindikiro za ngozi. Chifuŵa chikapanikizika kwa mphindi zingapo osaleka, ululu n'kumafika kumkono kapena kunsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi kubanika. Kapena nkhope ikapotokera mbali imodzi, mkono n'kulefuka, mau n'kusokonekera. Wodwalayo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Kuyembekeza kuti kuche, kapena kuyamba kafunsira kwina, kumataya maola amene sadzabwereranso, pakuti mbali ya mtima kapena ya ubongo imene yafa siphukanso.

A Wapampando, mabungwe othandizana amadziŵa bwino mtengo wa maliro: bokosi, galimoto, ufa wa pasiwa, ndiponso fizi ya ana amasiye imene imakhalapo zaka zambiri anthu atabalalika. Imfa ya bambo kapena mayi wa zaka 50 imachotsa mzati wa nyumba pa nthawi imene ana ali pasukulu ndipo makolo okalamba akudalira dzanja lomwelo. N'chifukwa chake komiti ikupemphedwa kulingalira zinthu zitatu: kuti bungwe ligule makina oyezera kuthamanga kwa magazi, amene mtengo wake sufika pa wa bokosi labwino limodzi, kuti pa msonkhano uliwonse papezeke namwino kapena membala wophunzitsidwa woyeza amene afuna, ndi kuti mamembala amene ali pa mankhwala azikumbutsana masiku a kuchipatala monga akumbutsirana tsiku la zopereka. Anthu a ku North Karelia anayamba ndi zinthu zazing'ono zotere, ndipo ana ao anakula akuona atate ao.